Kakabaza Kosadziwa Kuima

Pa Mtakataka panalibe foni yomukanika Clifford. Yogwera m'madzi, yosweka galasi, zonse zinkadzuka m'manja mwake, ndipo matamando a anthu anamulowa m'mutu.

Tsono Mayi Bernadeta atabwera ndi makompyuta asanu kudzaphunzitsa anthu kulemba mapulogalamu kudzera m'magemu, Clifford analembetsa. Wopambana pa mayeso anali woti adzapatsidwe ntchito yokaphunzitsa ena ku Golomoti, ndipo iye ankaifuna ntchitoyo ndi mtima wonse.

Gemuyo inali ya kamunthu ka kabaza pa sikirini. Wophunzira ankakalembera malamulo: palasa, khota, bwereza. Zainabu, wogulitsa usipa pamsika, ankafunsa chilichonse mpaka kutopetsa anzake.

"A Clifford, Lachinayi musajombe," anatero Mayi Bernadeta. "Tidzaphunzira kuuza kompyuta polekezera ikamabwereza chinthu."

"Madamu, awo ndi masanje. Ine mafoni ndimawang'amba pamimba tsiku ndi tsiku. Zimenezo ndadziwa kale."

Lachinayi linamupeza pabenchi pake, akumwa thobwa.

Pa tsiku la mayeso, aliyense anayenera kuyendetsa kamunthu kaja, wodwala ali pakaliyala, n'kukakaimika pachipata cha chipatala. Clifford anamaliza kulemba anzake asanafike n'pakati pomwe, n'kupinda manja. Atadina batani, kakabaza kananyamuka mokongola, kuwoloka mlatho, kuzemba mbuzi pamsewu. Anthu anawomba m'manja. Koma pachipata sikanaime. Kanapitirira, kulowa kumapeto kwa sikirini, kutulukira mbali inayo, n'kudutsanso pachipata pomwe paja kachiwiri, kachitatu, kakhumi.

"Kaimitsenitu achimwene, wodwalayo afera panjira!" anakuwa wina, holo yonse n'kufa nacho chiseko.

Clifford anadina apa ndi apo, thukuta lili kamukamu. Anali atakauza kupalasa ndi kubwereza, koma osakauza polekezera. Kompyuta siimva za mbiri ya munthu, imangochita zimene wailembera basi.

Kakabaza ka Zainabu kanayenda mwachidodo, koma kanafika n'kuima pachipata penipeni. Ntchito ya ku Golomoti inapita kwa iye.

Zinamuwawa Clifford, ndipo manyazi anamugwira masiku ambiri. Mpaka lero akabaza akamadutsa pabenchi pake amaliza belu n'kufunsa, "A Clifford, tikaime pati?" Iye amangozolika n'kupitiriza kuwotcherera mawaya.

Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.