Dula ndi Tula

Kalekale, m'mudzi wina, padali munthu dzina lake Chidzanja. Chidzanjayu adapita ku ulendo. Kumeneko adaona akuluakulu akunong'onezana pabwalo. Basi, adabwera atasintha.

"Ikani chala pakhosi," adauza anthu. "Nenani zzz. Mwamva kunjenjemerako? Ndi uchule umenewo, kulira ngati chule. Nenani sss. Mwaona kusalala kwake? Ndiye ulemu."

Kuyasama kuti aaa, ooo, ankati ndi khalidwe la ng'ombe. Iye khosi adalitseka. Kunyumba, nong'onong'o. Kumunda, nong'onong'o. Kumaliro, nong'onong'o.

Komatu mwanawe, ukatseka khosi, mawu ena amafanana ngati mapasa.

Tsiku lina kudabwera wogulitsa mchere. Chidzanja adamuyandikira kuti anene zogula. Chomwe chidatuluka n'chakuti, "Ndikufuna kukula."

"Kukula? Ndi ndevu zonsezi?" adatero wamchere uja.

Anthu adaseka mpaka kugwira nthiti. Mkazi wake Nankhoma adafunda chitenje kumaso. Koma mwini wake, ayi, mapewa m'mwamba.

"Abambo, tsegulani pakamwa," adadandaula Nankhoma.

"Mbuli iwe," adanong'ona.

Tsiku linanso adapita kunkhuni awiriwo. Pobwerera, Nankhoma mtolo pamutu, nkhwangwa m'manja. Chidzanja patsogolo, chimanjamanja, maso kumwamba. Phazi mumsampha wa nguluwe, khwaa! Mtengo wa msamphawo udawongoka, chingwe chidamukoka. Bambo uja lende, miyendo kumwamba, mutu pansi.

Adafuna kunena kuti dula. Adanong'ona: "Tula."

Nankhoma adatula mtolo, nakhalapo.

"Tula!"

"Ndatula, abambo."

Mumtengomo mudali linthumbu. Lidatsika ndi chingwe. Lidafika kumwendo. Lidalowa m'chovala.

"Tula! Tula!"

"Nanga nditulenso chiyani? Nkhwangwayi?" Adaiika pansi bwinobwino, napinda manja.

Linthumbu lidaluma pamimba. Lidaluma kumsana. Lidaluma kumalo kosatchula. Maso a Chidzanja adafiira psuu, magazi atatsikira kumutu.

Pamenepo khosi lidatseguka.

"Dulaaa! Mayooo! Dulaaa chingweee!"

Mbalame zidabalalika. Kumudzi, amayi adasiya mitondo.

"Hoo, mumati dula?" adatero Nankhoma. "Bwanji osanena?"

Nkhwangwa go! Chidzanja pansi khu! Adathamangira kumtsinje akuvula, akukuwa, mudzi wonse ukuonerera.

Wamva mwanawe? Milomo ndi lilime zimaumba mawu, koma mpweya wake uli pakhosi. Wonyoza mawu a kwawo adzawafuna ali chadodolido.

Nthano yanga ndaitula pomwepo.