Kiyi wa Holo ya Tidzuke

Kalekale, makanema asanalowe m'nyumba iliyonse, ku Balaka kunali gulu la zisudzo ndi magule lotchedwa Tidzuke. Analiyambitsa ndi Mayi Nangondo, osati kuti alemere ayi, koma kuti achinyamata apeze poonetsera luso lawo. Thumba la gululo linali lobooka, ndipo lendi ya holo inkawasowetsa mtendere.

Chaka china mayiwa anadwala kwambiri, abale n'kuwatengera kumudzi. Pochoka anaitana anthu atatu amene anawalera m'gululo, nati, "Ana anga, mundisungire Tidzuke."

Zakeyu, msungichuma, ataona kuti mwini holo watsala pang'ono kuwathamangitsa, anagulitsa ng'oma zonse zimene malemu amuna awo a Mayi Nangondo anasema ndi manja awo. Holo inapulumuka.

Fanesi, wolemba masewero, anapeza bungwe lothandiza. Abungwewo anati ndalama apereka pokhapokha gululo litasiya masewero ake odzudzula akuluakulu akuba, n'kumangosewera zolimbikitsa kusamba m'manja. Fanesi anavomera.

Kondwerani, amene anagwirizira mpando, anachotsa ovina onse okalamba, omwe anavutika ndi gululo osalandira kanthu kuyambira pachiyambi. Ankati amangotha ndalama zoyendera. Otsalawo anayamba kulandira kangachepe.

Mayi Nangondo atapezako bwino anabwerera. Asanafike n'komwe, anakumana ndi mnzawo wovina naye, Abiti Saidi, mmodzi wa ochotsedwa aja, akugulitsa tomato pamsika. Mayiwa atawapatsa moni, Abiti Saidi anayang'ana kumbali. Kuholo Mayi Nangondo anapeza khoma lopaka penti, mipando yatsopano, nyimbo zikuchokera m'wailesi.

"Ng'oma za bambo anu zili kuti?" anafunsa atatu aja.

"Amayi, tikanazisunga bwenzi tikuziimbira pansi pa mtengo," anayankha Zakeyu.

"Sewero silidyedwa, amayi," anatero Fanesi.

Kondwerani anaweramitsa mutu. "Lero tilibe ngongole ndi munthu aliyense."

Mayiwa anakhala pansi, mtima ukuwawa kuposa matenda aja. Mawu a atatuwo anali oona, ndipo chinkawapweteka kwambiri n'chomwecho. Mphamvu zoyendetsera gululo analibenso, woti n'kumusiyira wina panalibe, ndipo kulitseka kukanakhala kulanda chakudya pakamwa pa ana a eni. Anatulutsa kiyi wa holo m'chikwama, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, tandiuzani: pa wogulitsa ng'oma, wotseka gulu pakamwa ndi wotaya anzake, ndani anawalakwira pang'ono Mayi Nangondo, woti n'kumupatsa kiyiyo?