Tiferanji ndi Chilombo Chodya Ovomera

Kalelo, mashelefu a koleji ya paphiri akadali ndi mabuku osati chiswe, mayi Chikaonda, mphunzitsi wa filosofi, phunziro lounika mfundo, ankabwereza lamulo limodzi chaka ndi chaka: "Musadzere njira yachidule ya kuphanga. Mukadzera, musavomere mfundo musanaiunike."

Kuphangako kunali Chimezamfundo, chilombo cha mitu itatu. Sichinkagwira munthu ndi zikhadabo ayi. Chinkangofunsa mafunso. Munthu akavomera katatu ankasanduka gulo, buluzi wongogwedeza mutu uja, ndipo chinkamusunga pathanthwe mpaka njala itachiwawa.

Lufeyo, katswiri wa mtsutso pakolejipo, anadzera komweko pothamangira mayeso. Sanafike. Anali mwana woleredwa bwino: wamkulu akamalankhula, iye "zoonadi, zoonadi."

Mlongo wake Tiferanji, wa chaka choyamba, palibe ankamuwerengera. Kwawo ankamuti wamwano chifukwa chokonda kufunsa kuti "chifukwa?" Ndiye amene anamanga nsalu m'chiuno n'kutsetsereka phiri.

Njirayo kale inali ya mibawa yokhayokha. Tsopano munali zitsa ndi maenje a makala. Pachitsa china, moto wa lupsa utazinga, anapulumutsa nanzikambe.

"Mkondo ndilibe," anatero nanzikambe. "Tenga kapenyedwe kanga. Diso lina pa zimene akunena, lina kumene akupita nawe."

Tiferanji atafika kuphanga, anapeza thanthwe lili agulo okhaokha, mitu gwede gwede. Mmodzi anali ndi chipsera pamwamba pa diso, cha mwala umene iye mwini anamugenda nawo ali ana. Anali Lufeyo. Chilombo chinali chitasonkha kale moto.

Tiferanji anagwada monga mwana pamaso pa wamkulu.

"Wakula bwino, mdzukulu," unatero mutu woyamba, waimvi mbuu. "Akulu sanama, si choncho?"

"Inde, agogo."

Mawuwo anangopulumuka okha. Khosi linazizira, mamba n'kutuluka pakhungu.

"Ine ndine wamkulu," mutuwo unaseka. "Tsono ndikati ndiwe ndiwo yanga, ndanena zoona."

Apa diso lachiwiri lija linatseguka, naona dzenje limene ankamukokeramo.

"Pepani agogo, ndinafulumira. Pamaliro a malume akulu awiri analimbirana munda, aliyense kuti ndi wake yekha. Mmodzi ananama. Imvi anali nazo."

Mutuwo unafota ngati dzungu lowola, n'kugwa pansi phwa! Koma mamba pakhosi pa Tiferanji sanachoke.

Wachiwiri unayandikira, mpweya wake ukununkha chivundi. "Mbava zimakonda njira yachidule, eti?"

Tiferanji anatseka pakamwa, koma mutu wake unagwedezeka wokha. Zala zinayamba kupindika, kumsana kukumera mchira. Kunatsala kuvomera kumodzi.

"Nawe wadzera yachidule. Ndiwe mbava basi, ndipo mbava ndimadya."

"Galu ali ndi miyendo inayi, agogo," anayankha, lilime likulemera. "Mbuzi ilinso ndi inayi. Munaimvapo ikuuwa?"

Mutuwo unaphulika ngati chimanga pamoto.

Wachitatu sunaseke. Unatola Lufeyo ndi mano, n'kumulendewetsa pamwamba pa malawi.

"Zakusukuluzo zakwana," unatero mawu akutulukira m'mphuno. "Ndidye iwe kapena uyu. Njira ndi ziwiri zokha. Sankha!"

Lufeyo, m'kamwa mwa imfa momwemo, ankangogwedezabe mutu. Mtima wa Tiferanji unakuwa kuti, idyani ine! Koma anaona kuti kusankhako ndiye kuvomera kwachitatu: akangotchula dzina, wavomereza kuti wina ayenera kudyedwa, ndipo onse awiri apita. Khosi linkakokera pansi. Anagwira chibwano ndi manja onse.

"Mwana wopanda ulemu!" chinabangula chilombo.

"Maondo ndagwada, agogo. Mutu ndiye ayi. Wati wina adyedwe ndani? Ndisonyezeni chifukwa."

"Ndine wamphamvu!"

"Ndikuona. Koma mphamvu si umboni."

"Onsewa anavomera!"

"Awa amavomera ndi mphepo yomwe."

Chilombo chinafuna chifukwa m'mimba mwake monse, osachipeza. Zaka zonsezo chinkanenepa ndi "inde" wa ana aulemu, popanda mfundo ngakhale imodzi yakeyake. Chinayasamula kuti chiyankhe, Lufeyo n'kupulumuka, Tiferanji n'kumuwakha malawi asanamunyambite. Mutu wotsirizawo unauma, thupi lonse n'kusanduka chulu.

Pathanthwe ponse panadzuka anthu, aliyense akusisita khosi.

"Achimwene, mungathe kuyenda?"

Lufeyo anangomukumbatira, misozi ili chuchuchu.

Kukoleji anawalandira ndi nthungululu, atanyamula Tiferanji pamapewa. Ngakhale aja sankamuwerengera anaimba nawo. Mayi Chikaonda anakwera pakhonde la laibulale nakweza dzanja.

"Mtsikana uyu ndi wanzeru kuposa nonsenu. Si choncho?"

Khamu lonse linagwedeza mutu. Mayiwo anapukusa wawo, nkhope ili gwa. Kenako kumbuyo kunaimirira Lufeyo, atagwira chibwano ndi manja onse.

"Pepani mayi. Umboni wake?"