Chitsulo Chooneka Chakuda

Panali munthu wina wosula nkhwangwa, dzina lake Binwelo. Ntchitoyi anaiphunzira kwa malume ake, m'kachisakasa kamdima kotchinga ndi udzu mbali zonse. Malumewo atakalamba anamusiyira nyundo, mvukuto ndi mulu wa masipuling'i a galimoto.

Binwelo sankaukonda mdimawo. Ankati anthu odutsa pamsewu saona kuti pali mmisiri. Tsiku lina anagwetsa udzu wonse, nasasula denga, nayamba kusula padzuwa. Sanafunse munthu, ndipo mukudziwa chimene Safunsa anadya.

Anthu anayambadi kuima n'kumaonerera. Koma chitsulo chinayamba kumuvuta. Akachitulutsa pamakala chinkaoneka chakuda, ngati moto sunachikhudze. Ankachibwezera, n'kupukusa mvukuto mpaka chiwale kuti mbee, kenako n'kuchiviika m'madzi.

Nkhwangwa zake zinali zokongola, koma zikakumana ndi mtengo wouma zinkabenthuka ngati mbale yadothi. Mwezi usanathe, zisanu zinabwezedwa. Anthu anayamba kupita kwa wosula wa kutsidya, ndipo dzina limene malume ake analimanga zaka makumi atatu linayamba kutha. Binwelo anati vuto ndi masipuling'i a masiku ano.

Malume ake atamva, anabwera ndi ndodo yawo masana dzuwa lili paliwombo. Anakhala pansi n'kumaonerera. Binwelo atatulutsa chitsulo, nachiona chakuda, nafuna kuchibwezera pamoto, mkuluyo anamugwira dzanja. Anamulanda mbaniro, nalowetsa chitsulocho m'mphika waukulu umene unali chogona pambali.

Mumdima wa mumphikamo chitsulo chija chinali chofiira. Sichinkathwanima. Chinkangowala pang'onopang'ono, mofatsa, ngati khala lokutidwa ndi phulusa.

“Chinali chitapsa kale, mphwanga,” anatero malumewo. “Dzuwa ndi limene limakubisira. Ukachipitiriza apa, wachipha.”

Binwelo anayang'ana mulu wa udzu umene anagwetsa uja. Anachita manyazi kwambiri.

Inu makolo, ndi inu aphunzitsi anzanga, kuwala kulipo kwamitundu iwiri. Kwina kumathobwa m'maso, ndipo aliyense amakuona. Kwina n'kofatsa, kumafuna kuti utchinge dzuwa ndi phokoso kuti ukuone. M'nyumba mwanu kapena m'kalasi mwanu muli mwana wachete amene mumati sakupsa. Mumamuika pakati pa anzake olongolola, n'kumuona wakuda, ndiye mumawonjezera moto: kukalipa, kumuyerekeza ndi mkulu wake, mwinanso chikwapu. Musanapukusenso mvukuto, mutengereni pambali pamene palibe omuonerera, mumufunse zimene akudziwa, ndipo mudikire ayankhe. Binwelo anamanganso chisakasa chake sabata yomweyo, koma nkhwangwa zisanu zija sizinalumikizikenso.