Sofa ya a Nasibeko

Panali bambo wina wokonza njinga kuseri kwa msika. Umphawi unkamudziwa ndi dzina lomwe, koma iye ankaukana pagulu ngati mwana wapathengo. Akagona ndi njala, m'mawa ankatuluka akutokosa m'mano ndi kamtengo, uku akugeya mokweza kuti oyandikana nawo aziti usiku kunali nyama.

Bamboyu anali ndi mwana wamkazi, Ndaziona, wa mutu wakuthwa ngati lumo. Anakhoza Fomu 4 mpaka anasankhidwa kupita ku koleji. Koma fizi yake, abale anga! Mukanagulitsa mapampu onse, masipoko onse, n'kuikapo mwini wakeyo ngati basela, ndalamayo sikanakwana ngakhale ya teremu imodzi. Njira inali imodzi yokha: ngongole ya boma ya ophunzira osowa. Ndaziona analemba mafomu, nanena zoona zokhazokha. Yankho linabwera lakuti kufika munthu wa boma kudzaona ndi maso ngati pakhomopo ndi posowadi. Akapeza kuti ndi popeza bwino, basi, dzina lifufutidwa, thandizo lipita kwa wina.

Zonsezi zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Chinatsala m'mutu mwa bamboyo n'chakuti kukubwera mlendo wa boma. Ndipo mukudziwa inu, kwathu kuno mlendo wolemekezeka sakhala pamphasa yong'ambika.

Ndiye kubwereka kunayambika. Kwa a Nasibeko, mayi wogulitsa zitumbuwa, anakatenga sofa. Kwa aphunzitsi anakanyamula wailesi ya kanema, chikhalirecho nyumba yake magetsi inkangowaonera kwa eni. Kwa abusa, makatani ndi nsalu yotchingira zibowo za kudenga. Kwa mlamu wake, jekete ndi nsapato zosongoka. Anafika mpaka pobwereka mbuzi, nazimangirira pamtengo wa mango kuti zizilira mlendo akamalowa.

Ndaziona anagwada. "Ababa, anthuwa akubwera kudzaona kusowa kwathu."

"Kusowa kwa ndani? Ukufuna boma lonse lizikandiseka ku likulu? Takhala chete iwe, za alendo sanakuphunzitseni kusukuluko."

Tsiku linafika. Galimoto inaima pakhomo, fumbi kobo! Anatsika mayi wa magalasi, wosaseka, cholembera m'manja. Anthu a m'deralo anaunjikana kuseri kwa mpanda, diso pampata, diso pampata. Mayi uja analowa, nakhala m'sofa, phwii. Anayang'ana wailesi ya kanema, nalemba. Anayang'ana makatani, nalemba. Panja mbuzi inati mee! Analembanso.

"Zonsezi n'zanu, bambo?"

Bamboyo anatukumula chifuwa mpaka batani la jekete linadandaula. Anakuza mawu ngati bwana wa pa esiteti. "Timayesetsa, mayi. Hmm. Timayesetsa ndithu."

Mayiyo anatseka buku lake. "Mwana wanu ndi wanzeru. Koma ngongoleyi ndi ya amene alibiretu pogwira. Inu mukwanitsa." Anaimirira, natsanzika.

Ndaziona anali ataima pakhomo ndi beseni la madzi oti mlendo asambe m'manja. Sanalire. Koma madzi m'besenimo ankanjenjemera, mpaka ena kutayikira pazala zake za kumapazi. Bamboyo anawaona madziwo. Apa m'pamene mawu a mwana wake aja anafika m'mutu.

Akayankhula, mawa msika wonse umuloza ndi milomo. Akakhala chete, mwana atsala pakhomo. Mayi uja anali atadutsa kale pamtengo wa mango. Anafika pagalimoto. Dalaivala analiza injini. Chitseko chinatseguka, mwendo umodzi unalowa.

"A Nasibeko!"

Mawu a bamboyo anatuluka ngati a tambala wachimfine.

"A Nasibeko, bwerani mudzatenge sofa yanu! Aphunzitsi, wailesi yanu! Abusa, makatani! Mwini mbuzi, masulani mbuzi zanu!"

Mwendo wa mayi uja unabwerera pansi.

Ha! Mukanaona. Mpanda unasanza anthu. A Nasibeko ndiwo anali patsogolo, akumanga chitenje: "Eya, mwachita bwino achimwene, ine mtima unali m'mwamba. Nyamulani bwino anyamata inu, mwendo uwo ndi womata!" Aphunzitsi anafungatira wailesi yawo ngati khanda. Abusa anakoka nsalu ya kudenga, dzuwa n'kulowa m'nyumba madontho madontho ngati nthenga za nkhanga. Bamboyo anavula jekete, navula nsapato, napereka kwa mlamu wake ndi manja awiri. Anatsala chiimire, wopanda nsapato, malaya ong'ambika kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Ana anaseka mpaka kugubuduka pansi. Akuluakulu ena anaseka nawo, ena anayang'ana kumbali.

Mayi wa boma analowanso m'nyumba. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi. Anakoka chigubu chopanda kanthu, nachikhalira, natsegula tsamba latsopano.

"Tiyambirenso. Pakhomo pano mumadya kangati pa tsiku?"

Bamboyo anayankha ndi kamawu kakang'ono, kake kenikeni. "Zimatengera tsiku lake, mayi."

Mvula isanagwe, Ndaziona anakwera basi ya ku koleji. Bambo ake pamsika anawaseka mpaka lero akuwasekabe. Akamadutsa, anyamata a kabaza amakuwa, "Mwini mbuzi, masulani mbuzi zanu!" Iwo amangokweza sipanala m'mwamba n'kumapita.

Tsono inu makolo, ndi inu a Fomu 4 amene mukulemba mafomu chaka chino, imvani. Ulemu kwa mlendo ndi wabwino, koma yambani mwafunsa kuti mlendoyo wadzera chiyani. Wodzakuonani chilonda musamulandire mutachiphimba ndi nsalu ya eni. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsekulani msanga, chifukwa si madalaivala onse amene amachedwa kuponda moto.