Mutu Umene Unali M'mimba

Panali namwino wina pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, kumene mzere wa odwala sunkatha. Tsiku lina kunafika mayi wachikulire atakwezedwa panjinga. Amene anawabweretsa anali mkamwini wawo, poti mwana wawo wamkazi anali atangobereka kumene. Mwamunayo anawalowetsa m'chipinda, iye n'kuima pakhomo, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

"Chavuta n'chiyani, amayi?" anafunsa namwino.

"Mutu, mwanangu. Kamutu chabe. Mungondipatsa timapiritsi ndizipita."

Panja ana ankalira, ndipo namwino anali atatambasula kale dzanja kuti atenge mankhwalawo. Koma anaona kuti wodwala mutuyo sanagwire mutu. Anakhala chopindika, dzanja lili pansi pa nsalu chakumanja, akupuma mobaiba. Akati ayankhule, ankayamba aba diso kuyang'ana pakhomo.

Namwino anatembenuka. "Bambo, pepani ndikutumeni. Kuseriku kuli mjigo. Mukanditungireko madzi osamba m'manja, ndikupezani pakhonde."

Mkamwiniyo anayang'ana ndowa imene inali pakona. Inali yodzaza. Anatola chigubu, natuluka, n'kutseka chitseko bwinobwino.

"Tatsala akazi okhaokha, amayi."

"Iii, mwanangu," anatero mayi aja monong'ona, "za m'mimba ndikanazitchula bwanji akamwini ali pomwepo? Kuseri sindikupita. Ndi mpweya womwe sukutuluka."

Namwino anawagoneka chagada, mawondo atapinda, nawafunditsa nsalu kusiya mimba yokha. Anatikita manja ake kuti afunde. Anayamba n'kuyang'ana: mimba inali yotupa, yosayenda pamene mwini wake akupuma. Anaikapo chomvetsera chake cha m'makutu nadikira. Matumbo, amene mwa munthu wabwinobwino amalira, anali zii. Anagogoda ndi zala mofatsa. Kukhudza kunabwera pomaliza, ndipo anayambira kumanzere, kutali ndi ululu, maso ake ali pankhope ya wodwala. Atafika kumanja, kunsi kwa mchombo, mimba inali gwa ngati thabwa. Pochotsa dzanja, mayi aja anakuwa.

Namwino anaitanitsa ambulansi. Mkamwini anamupeza pakhonde, chigubu chodzaza chili pamapazi.

"Amayi akupita ku chipatala chachikulu. Musawapatse chakudya, ngakhale madzi."

"Si mutu, eti?"

"Si mutu."

"Ndinkaona," anatero mwamunayo. "Koma ine ndikanafunsa bwanji?"

Tsiku lomwelo madokotala anawachita opaleshoni, napeza kathumbo kotchedwa apendikisi kataphulika kale, mafinya atayamba kufalikira. Mayi aja anachira, ndipo anabwerera kukanyamula mdzukulu wawo.

Inu amene mukuphunzira unamwino, dongosolo loyeza mimba mwaliloweza: kuyang'ana, kumvetsera, kugogoda, kenako kukhudza. Lisungeni, musalidumphe. Koma dziwani kuti kuyang'anako sikuyambira pamimba. Kwathu kuno munthu akhoza kulolera kufa kusiyana n'kutchula za m'thupi mwake pamaso pa amene amamuchitira manyazi, ndipo winayo akhoza kumuona akufa osatsegula pakamwa. Zonsezo ndi ulemu, ndipo simungauthetse. Ntchito yanu ndi kuupatsa njira. Musanakweze nsalu ya wodwala, yambani mwaona amene ali naye m'chipindamo.