Nkhope ya Abiti Asani

Pageti la hotela ina ku Al Aziziya, m'dziko la Qatar, pali kanyumba ka mlonda, kakang'ono ngati khola la nkhunda. M'menemo ndi momwe Faruku ankathera tsiku lonse. Ntchito yake inali kukweza chitsulo chotchinga pageti galimoto ikafika, n'kuchitsitsa ikadutsa, basi. Nthawi yotsalayo inali yake, ndipo munthu wa kutali nthawi ikamuchulukira, mtima umathawira kumudzi.

Mayi ake, Abiti Asani, anamwalira ku Ntaja chaka chatha iye ali kuno. Uthenga unamupeza m'mawa ali pageti pomwepo, pofika madzulo n'kuti ataikidwa kale monga amachitira Asilamu. Faruku sanaponyeko ngakhale kadothi. Chopweteka china n'chakuti mayiwo ankadana ndi kujambulidwa. Ukangowalozetsa foni ankadziphimba ndi mpango, amvekere, "Ndaba chiyani ine kuti muzindijambula?" Chithunzi chawo chokhacho chinali cha pachiphaso, ndipo nachonso chinapita ndi madzi a namondwe.

Chimene Faruku anatsala nacho chinali mawu. M'kafoni kake kong'aluka pakona munali mauthenga makumi atatu ndi anayi omwe mayiwo ankamutumizira pafoni ya mlongo wake, Hawa. Foni ya Hawayo inabedwa pamsika, choncho padziko lonse lapansi mawuwo anangotsala mwa Faruku mokhamo. Masana aliwonse, asanatsegule chakudya chake, ankamvera uthenga umodzi. "Che Faluku, mwadya? Akuti kumeneko dzuwa limaphika munthu, muzimwa madzi." Kenako kunkamveka tambala, ndi mayiwo akufunsa chapansipansi, "Hawa, kodi chamva chinthu chakochi?" Faruku ankaseka yekha, misozi ili m'maso.

Tsiku lina anatsinzina kuti awaone, koma nkhope inakana kubwera. Mpango unabwera, chipini cha pamphuno chinabwera, koma maso ndi masaya zinali ngati zili kuseri kwa utsi. Anachita mantha. Anakumbukira kuti kupulayimale ndiye ankajambulira aphunzitsi nsomba ndi mapu pabolodi, ndipo anatsimikiza mtima kuti awajambula mayi ake nkhopeyo isanamuthawiretu.

Anakadandaula kwa a Macfussy, bambo wa ku Mzimba yemwe ankayendetsa basi yonyamula alendo pakati pa hotelayo ndi bwalo la ndege.

"Madala, mukudziwako app yojambulira? Yosavuta, yoti ikwane pakafoni kangaka."

"Mafi mushkila, mphwanga, palibe vuto," anayankha a Macfussy akutulutsa foni yawo. "Iyi ndi imene amaseweretsa mwana wanga kumudzi. Pensulo imodzi, chofufutira, ma-colour eight, khalas, basi. Tayesa, alendo anga sanatuluke."

Faruku anayendetsa chala pagalasi. Anazunguza nkhope, n'kuiveka mpango wobiriwira, n'kudontheza kadontho koyera pamphuno, n'kusiya mpata pakati pa mano akutsogolo. Sizinamutengere ngakhale mphindi khumi. Atayang'ana anatsonya.

"Mayi anga si katuni, madala. Izi n'za ana a sukulu ya mkaka."

"Aliyense amayamba ndi kukwawa," anatero a Macfussy. Koma Faruku anali atawabwezera kale foniyo.

Apa ndiye panayambira ulendo. Pulogalamu yoyamba imene anaika m'foni inali ndi maburashi mazana awiri, koma timabatani take tinali tating'ono ngati mapira, moti chala chake chokulira pakhasu chinkadina titatu nthawi imodzi. Yachiwiri inkalankhula Chingerezi choti ngakhale a hedimasitala akanakanda mutu. Yachitatu, ukangolemba mzere umodzi, inkayamba yakuonetsa malonda a nsapato. Ina inalonjeza kuti ijambula yokha ukangoifotokozera munthuyo. Faruku anafotokoza ndi mtima wonse, ndipo inamupatsa mayi woyera wa ndolo zagolide, wokongola ndithu, koma mayi wa eni ake.

Mungaganize kuti zomukanikazo ankazichotsa. Ayi ndithu. Iyi ankaisungira maburashi, iyo mitundu, inayo poti anthu pa intaneti ankaitama. Pakutha pa mwezi anali nazo zisanu ndi zinayi, ndipo mwa zonsezo munalibe ngakhale mphuno imodzi yomalizidwa. Foni inayamba kuyenda ngati nkhalamba yokwera phiri.

"Foni yako yadzaza ngati minibasi ya ku Limbe," anamuchenjeza a Macfussy. "Chotsako ma-app amenewo. Ukakana, bola unditumizire ma-voice note a amayiwo ndikusungire."

"Mawu a mayi anga si nyimbo yogawana, madala."

"Chabwino, bwana. Ine ndanena."

Lachiwiri lina Faruku anaona kanema wa mnyamata akujambula nkhope ya agogo ake, makwinya onse kuoneka ngati munthuyo apuma. Mtima wake unadumpha. Iyi ndiye inali pulogalamu yeniyeni, zinazo zinali zoseweretsa! Atayesa kuiika, foni inamuuza kuti malo atha, n'kumuonetsa mndandanda wa zinthu zoti angachotse. Mapulogalamu asanu ndi anayi aja anali pamwamba penipeni. Anawayang'ana, n'kuwamvera chisoni onse. M'munsi mwake munali mulu waukulu wa zakale za m'mauthenga, ndipo iye anati amenewo ndi makanema a maukwati ndi maulaliki omwe a Malawi a ku Qatar amatumizirana pagulu lawo. Akanatsegula kuti aone. Koma pageti panaima galimoto yaikulu yoyera, mwini wake akuliza hutala.

"Yalla, yalla! Tsegula!"

Faruku anadina, foni inafunsa ngati watsimikiza, iye anadinanso osawerenga, n'kuthamangira kuchitsulo.

Pulogalamu ija inalowa. Itatseguka inaonetsa zida zambirimbiri zothinana pakagalasi kaja, malo ojambulapo n'kutsala ngati chikhadabo. Anaipangira matabuleti akuluakulu, osati kafoni ka mlonda. Foni inatentha, inauma, kenako inazima yokha.

Masana atakwana anaiyatsanso, n'kutsegula chakudya chake, n'kupita pa dzina la Hawa monga mwa masiku onse. Mauthenga anali pomwepo, mndandanda wonse, koma atadina woyamba sipanamveke kanthu. Wachiwiri, zii. Anadina onse makumi atatu ndi anayi, umodziumodzi. Munalibe tambala, munalibe "Che Faluku". Mpunga wake unazizira osakhudzidwa.

Lachisanu, tsiku lake lopuma, anayenda m'timashopu ta okonza mafoni ku Rawdat Al Khail. Wachitatu ndiye anamuuza zoona: pamalo pomwe panali mawuwo panakhala kale pulogalamu yatsopano ija, ndipo panalibe chobweza. Faruku anatuluka n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, dzuwa likuswa mtengo. Apa ndi pomwe analira maliro a mayi ake, chifukwa tsiku limenelo anamwaliranso kachiwiri, ndipo ulendo uno wowaika m'manda anali iye mwini.

A Macfussy atamva sananene kuti ndinakuuza. Anangokhala naye m'kanyumba kaja kwa kanthawi, kenako anatokosa foni yawo.

"Taona chimene ndakutumizira. Sindinachifufute."

Chinali chithunzi chija cha tsiku loyamba: nkhope yopendekeka, mpango wobiriwira, kadontho pamphuno, mpata wa mano. Faruku anachiyang'ana nthawi yaitali. Posowa chochita nacho, anachitumiza kwa Hawa osalembapo kanthu.

Yankho linabwera basi ya a Macfussy isanabwerere ku bwalo la ndege. Hawa ankalankhula akusisima.

"Achimwene, mwawapeza kuti amayi? Ndi iwowa ndithu! Chipini chomwechi, kaseke komweka. Ana achizindikira ndisanawauze n'komwe, akulimbirana foni." Anapuma pang'ono, akufwenthera. "Ndiye munditumizireko mawu awo aja, achimwene, ngakhale amodzi okha. Ndikufuna ndiziwamvera ndikuyang'ana chithunzichi."

Faruku anamvera uthengawo kawiri. Anadina kabatani kojambulira mawu kuti ayankhe, kenako anakasiya n'kuika foniyo pansi. Nkhope imene anaisaka mwezi wathunthu anali ataijambula kale tsiku loyamba, ndi pensulo imodzi, pafoni yobwereka. Chimene anali nacho m'manja ndiye anachitaya pothamangira zonyezimira. Panja galimoto ina inaliza hutala, ndipo iye anadzuka kukakweza chitsulo, Hawa akudikirabe.

Akuluakulu sananame pamene anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.